Kodi Aheberi Akale Ankati Munthu Akafa Amapita Kuti? Mafunso ndi Mayankho

Ena mwa mafunso awa ndinafunsidwa m'kalasi ya Baibulo, ena usiku pamaliro, tili pamoto kunja kwa siwa, nyimbo zitayamba kuzilala ndipo anthu atayamba kulankhula zakukhosi. Ambirife timaganiza kuti Abrahamu, Mose ndi Davide ankayembekezera kumwamba monga momwe mlaliki amanenera kumanda masiku ano. Mukawerenga Chipangano Chakale modekha, osachiyika mawu m'kamwa, mupeza zina. Kwa zaka mazanamazana anthu aja anatumikira Mulungu popanda lonjezo lomveka bwino la moyo wina, ndipo chiyembekezo cha kuuka kwa akufa chinaphuka mochedwa, m'nyengo ya misozi.

Kodi Sheol n'chiyani, nanga bwanji sindikuliona liwuli m'Baibulo langa la Chichewa?

Simukuliona chifukwa omasulira analitembenuza. Sheol ndi dzina la Chiheberi la kumene akufa amapita, ndipo likupezeka pafupifupi ka 65 m'Chipangano Chakale. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, m'malo ambiri limangoti "manda" kapena "kumanda", pomwe Mabaibulo ena atsopano amati "dziko la akufa". Kunena kuti manda si kulakwa kwenikweni, koma kumabisa kanthu. Chiheberi chili ndi liwu lina, qeber, lotchula manda okumbidwa kapena osemedwa, omwe munthu angathe kugula ndi kuloza kuti awa nga uje, awo nga uje. Sheol ndi malo amodzi a onse, ndipo palibe amene anagulako ndime yake.

Olemba Malemba sanatijambulire mapu a malowa. Amangowatchula m'ndakatulo ndi m'madandaulo. Ndi pansi, kunsi kwa nthaka ndi kwa nyanja. Yobu akuti ndi dziko la mdima wandiweyani, lopanda dongosolo (10:21-22). Yesaya amawapatsa zipata (38:10) ndi kukamwa koyasama mopanda malire (5:14). Miyambo 30 imawayika pamodzi ndi mimba yosabala, nthaka yosakhuta madzi ndi moto, zinthu zomwe sizinena kuti zakwana. Salimo 115:17 limatchula akufa kuti ndi otsikira kuli chete, ndipo ifenso timatero munthu akatisiya.

Ndiye kuti ndi malo a chilango?

Ayi. Kulibe moto, kulibe wozunza, kulibe bwalo la milandu. Yakobo atauzidwa kuti Yosefe wajiwa ndi chilombo, anati adzatsikira ku Sheol kwa mwana wake akulira (Genesis 37:35), ndipo Yakobo sankadziwerengera m'gulu la otayika. Yobu ali pakati pa zilonda anachita kusirira malowo. Anati kumeneko oipa amaleka kuvutitsa anzawo, otopa amapuma, wamng'ono ndi wamkulu ali pamodzi, kapolo wamasuka kwa mbuye wake (3:17-19).

Komabe liwuli limatuluka kwambiri pamene imfa ili yowawa, ya mwadzidzidzi, ya munthu wothyoledwa akadali wanthete kapena wolangidwa. Datani ndi Abiramu nthaka inawameza amoyo n'kutsikira ku Sheol (Numeri 16). Za munthu wofa atakalamba, atakhuta masiku, ana ndi zidzukulu zitamuzungulira, Malemba amakonda kunena mofatsa kuti wagona ndi makolo ake. Chilango, kwa Mheberi, chinali kupitako nthawi isanakwane.

Nanga mzimu wa munthu unkapita kuti?

Apa mpamene timaphonya kwambiri, chifukwa timawerenga ndi maganizo omwe anabwera pambuyo. Genesis 2:7 sanena kuti Mulungu anaika mzimu wosafa m'thupi ngati madzi m'mtsuko. Akuti anaumba munthu ndi dothi, n'kumuuzira mpweya m'mphuno, munthuyo n'kukhala nefesh wamoyo. Liwu lomwelo likugwiritsidwanso ntchito pa nyama m'chaputala choyamba. Tanthauzo lake loyamba ndi khosi kapena mmero, podutsa mpweya ndi chakudya. Wolemba Salimo 69 akamalira kuti madzi afika pa nefesh yake, akunena kuti amufika m'khosi. Pa Numeri 6:6 ngakhale mtembo ukutchedwa nefesh wakufa. Choncho nefesh ndi munthu yense wopuma, wanjala, wolakalaka.

Munthu akafa, mpweya, womwe ndi ruach, umabwerera kwa Mulungu amene anaupereka, thupi n'kubwerera kufumbi (Mlaliki 12:7). Koma sankati munthu watheratu ngati nyali yozima. Chimatsala ndi chithunzithunzi chofowoka, ndipo okhala ku Sheol amatchedwa refaim. Pa Yesaya 14, mfumu ya Babulo ikutsikira kumeneko, ndipo mafumu akale akunyamuka pamipando yawo n'kuilonjera kuti nayonso yafowoka ngati iwo, mphutsi ndiye mphasa yake. Ndi moyo wosayenera kutchedwa moyo.

Kodi mawu oti "anasonkhanitsidwa kwa anthu a mtundu wake" akutanthauza chiyani?

Mawuwa ananenedwa za Abrahamu, Isimaeli, Isaki, Yakobo, Aroni ndi Mose. Sakungonena za kuikidwa m'manda a makolo, chifukwa makolo a Abrahamu anatsala ku Mesopotamia pomwe iye anaikidwa ku Hebroni, m'phanga la Makipela lomwe anagula kwa Efroni Mhiti ndi masekeli a siliva 400. Aroni anafera pa phiri la Hori, Mose m'dziko la Mowabu, kutali ndi manda a abale awo. Ndiye kuti ankakhulupirira kuti wakufa amakapeza anthu ake kwinakwake.

Koma kuti mumve kulemera kwa mawuwa, muone momwe manda a ku Yuda analili. Mabanja opeza bwino ankasema chipinda m'thanthwe, chokhala ndi mabenchi amwala m'mbali. Pa benchi ena ankasemapo kamalo kozungulira koikapo mutu, ngati pilo. Mtembo ankaugoneka pamenepo, pambali pake n'kuikapo nyale, mitsuko ndi mbale. Thupi likatha, pabanja n'kugwanso maliro ena, ankatola mafupa aja n'kuwaika m'dzenje losemedwa kunsi kwa benchi, momwe munali kale mafupa a agogo ndi agogo awo. Munthu ankasonkhanitsidwadi kwa anthu ake, fupa pa fupa.

Mu 1979, katswiri wofukula zakale Gabriel Barkay anapeza dzenje lotere ku Ketef Hinnom, ku Yerusalemu, lomwe akuba sanalione chifukwa miyala ya kudenga kwake inagumuka kalekale n'kukwirira zonse. Munali mafupa a anthu osachepera 95 ndi zinthu pafupifupi 1,000. Pakati pa zinthuzo panali timipukutu tiwiri tasiliva, tating'ono ngati kanduudu ka fodya, tomwe kutifunyulula osatithyola kunatenga zaka zitatu. Mkati mwake munalembedwa dalitso la ansembe lija la pa Numeri 6:24-26, loti Yehova akudalitse ndi kukusunga, akuwalitsire nkhope yake, akupatse mtendere. Timipukututi n'ta m'ma 600 BC, ndipo ndi mawu akale kwambiri a m'Baibulo omwe apezeka mpaka lero. Ine nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse. Banja lina, lomwe linaphunzira kuti ku Sheol kuli chete, linalola wokondedwa wawo kulowa mumdima atavala dzina la Mulungu.

Maliro ankayenda bwanji?

Mofulumira. Dziko n'lotentha, ndipo sankakonza mitembo kuti isawole monga ku Ejipito, kupatula Yakobo ndi Yosefe omwe anafera komweko. Lamulo linkati ngakhale wopachikidwa pamtengo aikidwe tsiku lomwelo (Deuteronomo 21:23). Ofedwa ankang'amba zovala, kuvala chiguduli, kudzithira fumbi kumutu ndi kukhala pansi. Kunali amayi odziwa kulira omwe ankachita kuitanidwa, ndipo Yeremiya akuwauza kuti aphunzitse ana awo aakazi nyimbo za maliro (9:17-20). Anansi ankabweretsa chakudya ndi chikho cha chitonthozo (Yeremiya 16:7). Maliro n'kulirana, ngakhale kumeneko. Kulira kunkatenga masiku 7, koma Aroni ndi Mose anawalira masiku 30. Wokhudza mtembo ankakhala wodetsedwa masiku 7, ndipo ankawazidwa madzi osakaniza ndi phulusa la ng'ombe yaikazi yofiira (Numeri 19).

Choopsa kuposa imfa chinali kusaikidwa. Yezebeli anadyedwa ndi agalu. Yeremiya anauza mfumu Yehoyakimu kuti idzaikidwa ngati bulu, kukokedwa n'kutayidwa kunja kwa zipata. N'chifukwa chake Rizipa, mkazi wamng'ono wa mfumu Sauli, ana ake awiri ataphedwa n'kusiyidwa poyera, anayala chiguduli pathanthwe n'kukhala pomwepo kuyambira nyengo yokolola mpaka mvula itagwa, masana akuingitsa mbalame, usiku zilombo (2 Samueli 21). Mayi ameneyu salalikidwa kawirikawiri, koma anachititsa mfumu Davide manyazi mpaka mafupawo anaikidwa mwaulemu.

Ku Silwan, moyang'anizana ndi Yerusalemu wakale, pakhomo la manda a nduna ina ya mfumu panalembedwa kuti mulibe siliva kapena golide, muli mafupa ake okha ndi a mdzakazi wake, ndipo wotsegula mandawo akhale wotembereredwa. Mwalawo uli ku British Museum ku London.

Kodi ankalankhula ndi mizimu ya makolo ngati momwe makolo athu ankachitira?

Ambiri ankatero, ndipo umboni wake ndi malamulo oletsawo. Palibe amene amaletsa chinthu chomwe anthu sachita. Deuteronomo 18 ndi Levitiko 19 ndi 20 zimaletsa kufunsira kwa akufa. Yesaya akudzudzula anthu opita kwa obwebweta olira ngati mbalame ndi kung'ung'udza, n'kufunsa kuti bwanji amoyo akafunsire kwa akufa (8:19). Wopereka chakhumi ankayenera kulumbira kuti sanapatseko wakufa (Deuteronomo 26:14), kusonyeza kuti kutsirira akufa chakudya kunali kodziwika. Anansi awo a ku Ugarit, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Syria womwe zolemba zake zinayamba kufukulidwa mu 1929, ankaitana mafumu awo akufa pamwambo, ndipo ankawatchula ndi liwu lofanana ndi refaim lija.

Nkhani yodziwika ndi ya ku Endori (1 Samueli 28). Sauli anali atathamangitsa yekha obwebweta onse m'dziko, koma Afilisti atamupanikiza, Mulungu osamuyankha m'maloto kapena mwa aneneri, anasintha zovala n'kupita usiku kwa mayi wina wobwebweta kuti amuitanire mneneri Samueli, yemwe anali atamwalira. Mayiyo anati akuona elohim, liwu lomwe limatchulanso Mulungu, akutuluka m'nthaka, nkhalamba yofunda mwinjiro. Samueli sanabwere mokondwa. Anafunsa kuti wamusokonezeranji, kenako anati mawa Sauli ndi ana ake adzakhala naye limodzi. Taonani, mneneri wolungama ndi mfumu yokanidwa, malo amodzi. Sauli anagwa chadodolido, ndipo mayi uja, yemwe moyo wake unali pachiswe, anapha mwanawang'ombe wonenepa n'kumukakamiza kudya. Akuluakulu ena a mpingo woyamba, monga Tertullian, anati chinatulukacho chinali chiwanda, koma wolemba nkhaniyo amangomutchula kuti Samueli.

Kufanana ndi kwathu kulipo, koma kusiyana n'kwakukulu. Makolo athu ankaona mizimu ngati ankhoswe pakati pa amoyo ndi Chauta. Aneneri a Israeli anakana unkhoswe umenewo kotheratu, ndipo mwina n'chifukwa chake anaumirira kuti akufa ndi ofowoka, sangapatse mvula, mwana kapena machiritso.

Ngati kumwamba sikunalonjezedwe, ankatumikira Mulungu chifukwa chiyani?

Funso ili limaulula zambiri za ifeyo kuposa za iwowo. Iwo ankamutumikira chifukwa anawatulutsa mu ukapolo, anapangana nawo pangano, ndipo moyo uno ankauona ngati mphatso yokwana. Madalitso a m'Chilamulo ndi ogwirika ndi manja, mvula pa nyengo yake, nkhokwe zodzaza, ana, masiku ambiri m'dziko. Mfumu Hezekiya atadwala anatembenukira kukhoma n'kulira kwambiri, Mulungu n'kumuwonjezera zaka 15. M'nyimbo yake yothokoza akuti Sheol sangayamike Mulungu, wamoyo yekha ndiye amayamika (Yesaya 38:18-19). Masalimo 6, 30 ndi 88 amachonderera chimodzimodzi, kuti ndikafa adzakutamandani ndani, kodi fumbi lingaimbe? Choopsa cha imfa kwa iwo chinali kuchotsedwa pamsonkhano wa opembedza.

Munthu ankapitirira kudzera m'dzina lake ndi ana ake. N'chifukwa chake kufa wopanda mwana kunali ngati kufa kawiri. Deuteronomo 25 imati mwamuna akafa wopanda mwana wamwamuna, m'bale wake alowe chokolo, ndipo mwana woyamba atenge dzina la malemuyo kuti lisafafanizike mu Israeli. Wokana ankavulidwa nsapato ndi kulavuliridwa kumaso pamaso pa akulu. Abisalomu anadziimikira chipilala akadali moyo, ati poti analibe mwana wosunga dzina lake. Ndipo pa Yesaya 56:5 Mulungu akulonjeza ofulidwa, anthu osabereka, chikumbutso ndi dzina loposa ana. Mawu a Chiheberi a pavesi limeneli, yad vashem, ndi omwe anapatsidwa malo okumbukira Ayuda ophedwa ndi chipani cha Nazi, ku Yerusalemu.

Nanga Enoki ndi Eliya, omwe sanafe?

Awiriwa ndi apadera, ndipo Malemba sanena kuti wolungama aliyense adzatsata njira yawo. Za Enoki pali mawu ochepa chabe, kuti anayenda ndi Mulungu, kenako sanaonekenso poti Mulungu anamutenga. Eliya anakwera m'kamvulumvulu. Chochititsa chidwi n'choti liwu lomweli la kutenga likubweranso pa Salimo 49:15 ndi 73:24, pomwe woimba akuti Mulungu adzamuwombola ku mphamvu ya Sheol n'kumutenga. Akatswiri amasiyana ngati akunena za kupulumuka pangozi kapena za moyo wa kutsidya kwa imfa. Ine ndimamva ngati munthu amene wayenda ndi Mulungu nthawi yaitali akulephera kuvomereza kuti ubwenzi wotere ungathere padzenje.

Mwana wa mayi wamasiye wa ku Zarefati, mwana wa mayi wa ku Sunemu, ndi munthu uja anakhudza mafupa a Elisa, onsewa anabwezedwa ku moyo womwe uno ndipo anadzafanso.

Kodi chigwa cha mafupa owuma cha Ezekieli sichikunena za kuuka kwa akufa?

Ezekieli akumasulira yekha. Mafupawo ndi nyumba yonse ya Israeli, yomwe inkati mafupa athu auma, chiyembekezo chathu chatha (37:11). Nebukadinezara anawononga Yerusalemu ndi kachisi mu 586 BC, ndipo mneneriyu ankalankhula kwa akapolo ku Babulo. Kutsegula manda ndi fanizo la kubwerera kwawo. Koma fanizo likalowa m'mitima silikhala pomwe unalisiya. Anthu atamva za mafupa akugobedeza, mitsempha ndi mnofu zikumera, mpweya ukulowa, zinali zosavuta kuti mibadwo yotsatira ifunse kuti, ngati angachite zimenezi ndi mtundu, angalephere ndi munthu mmodzi? Yesaya 25:8 akuti Mulungu adzameza imfa mpaka muyaya, imfa ija yomwe inkameza onse, ndipo 26:19 akuitana ogona m'fumbi kuti adzuke n'kuimba.

Ndiye chiphunzitso cha kuuka chinamveka bwino liti?

Vesi losakayikitsa ndi Danieli 12:2-3. Ambiri ogona m'fumbi adzadzuka, ena ku moyo wosatha, ena ku manyazi osatha, ndipo anzeru adzawala ngati kunyezimira kwa thambo. Onani kuti akuti ambiri, sakuti onse. Okhulupirira ambiri amati bukuli linalembedwa ku Babulo m'zaka za m'ma 500 BC, pomwe akatswiri ambiri a mbiri amati linamalizidwa cha m'ma 165 BC. Mbali iliyonse imene mungaime, machaputala omalizawo akuloza nthawi ya Antiochus IV, mfumu yachigiriki ya ku Syria yomwe inkalamulira Ayuda.

Mu 167 BC mfumu imeneyi inaletsa mdulidwe ndi Sabata, inatentha mipukutu ya Chilamulo, n'kudetsa kachisi ndi nsembe zachilendo. Amayi omwe anadula ana awo ankaphedwa, makandawo atawapachika m'khosi mwawo. Apa chiphunzitso chakale chinafika pakhoma. Deuteronomo inkati mvera ukhale ndi moyo wautali, koma tsopano womvera ndiye ankafa ali mnyamata, wogonjera mfumu n'kumanenepa. Yobu ndi Mlaliki anali atadandaula kale kuti olungama amavutika, koma uku kunali kufa chifukwa cha kulungama kumene.

Buku lachiwiri la Amakabeo, lomwe lili m'Mabaibulo a Akatolika, likusimba za mayi ndi ana ake aamuna 7 omwe anakana kudya nyama ya nkhumba n'kuphedwa mmodzimmodzi tsiku limodzi, mayi akuona. Wachitatu atauzidwa kutulutsa lilime, anatambasulanso manja n'kunena kuti ziwalozi anazilandira kuchokera Kumwamba ndipo akuyembekeza kudzazilandiranso. Mayiyo, polankhula m'chinenero cha makolo ake, anauza anawo kuti sadziwa momwe anaumbikira m'mimba mwake, ndipo Mlengi yemwe anawapatsa mpweya poyamba adzawabwezera. Mfundo yonse yagona pamenepa. Chiyembekezo cha kuuka sichinabadwe chifukwa anthu ankaopa kufa. Chinabadwa chifukwa anakana kukhulupirira kuti Mulungu wa pangano angasiye mlandu wa ophedwa osaweruzidwa. Ndipo poti chinazunzidwa ndi thupi, lilime lodulidwa ndi manja, chobwezedwa chiyeneranso kukhala thupi.

M'buku lomweli, Yuda Makabeo, mtsogoleri wa Ayuda oukira Antiochus, anasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe asilikali ake ofera kunkhondo. Akatolika amatchula ndime imeneyi pofotokoza zopempherera akufa.

Ena amati Ayuda anangotengera kwa Aperisi kapena Agiriki. N'zoona?

Ayuda anakhala pansi pa Aperisi zaka zoposa 200, kuchokera pamene Koresi analanda Babulo mu 539 BC mpaka kubwera kwa Alexander, mfumu ya ku Makedoniya yomwe inagonjetsa Aperisi. Chipembedzo cha Zoroaster, mneneri wa Aperisi, chinkaphunzitsa za chiweruzo ndi kukhalanso ndi moyo kwa akufa, choncho n'zovuta kuganiza kuti sanamveko. Koma mabuku a Aperisi olongosola zimenezi mwatsatanetsatane analembedwa mochedwa kwambiri, ndipo chithunzi cha Chiyuda, cha ogona m'fumbi akudzutsidwa, chikuchokera m'manda awo omwe. Mbewu inalipo kale m'nyimbo zakale zoti Yehova amapha ndi kupatsa moyo, amatsitsira ku Sheol ndi kukweza (1 Samueli 2:6), ndi mwa Amosi yemwe anati ngakhale wokumba mpaka ku Sheol dzanja la Mulungu lidzamutulutsa. Anansi mwina anathirira, koma sanabzale.

Za Agiriki n'zina. Plato, mmodzi wa anzeru awo otchuka, ankaphunzitsa kuti mzimu sufa ndipo thupi ndi ndende yake. Maganizo oyandikira amenewa analowa mwa Ayuda olankhula Chigiriki, makamaka ku Alexandria, mzinda wa ku Ejipito, ndipo buku la Nzeru za Solomoni limati mizimu ya olungama ili m'manja mwa Mulungu. Koma kusafa kwa mzimu ndi kuuka kwa thupi ndi zinthu ziwiri. Paulo atatchula za kuuka ku Atene, ena anamuseka.

Nanga Gehena anachokera kuti?

Ndi dzina la malo enieni, Ge Hinnom, chigwa cha Hinomu, kumwera kwa Yerusalemu. Manda aja a timipukutu tasiliva ali pamwamba pa chigwa chomwechi. Kumeneko, pamalo otchedwa Tofeti, anthu ankawotcha ana awo ngati nsembe, ndipo mafumu Ahazi ndi Manase akutchulidwa pa tchimoli. Yosiya anadetsa malowo kuti mchitidwewo uthe, ndipo Yeremiya anati adzatchedwa Chigwa cha Kuphana. Pambuyo pake dzinali linasanduka la malo a chilango cha oipa. Buku la Enoki, lomwe zidutswa zake zinapezeka m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndipo lathunthu linasungidwa ndi mpingo wa ku Ethiopia, likuonetsa kale akufa atagawidwa m'mapanga osiyana podikira chiweruzo, olungama ali ndi kasupe wa madzi.

Mwina munamva paguwa kuti chigwachi chinali kudzala la mzinda komwe moto sunkazima. Mawu amenewa amachokera kwa rabi David Kimhi, mphunzitsi wachiyuda wa cha m'ma 1200 AD, ndipo ofukula zakale sanapeze umboni wake.

Sheol ndi Gehena tisazisakanize. Ayuda a ku Alexandria pomasulira Malemba m'Chigiriki anaika Hade, liwu la Agiriki lotchula dziko la akufa, pamalo pa Sheol, ndipo Chipangano Chatsopano chimasunga mawu awiriwa mosiyana.

Pa nthawi ya Yesu, Ayuda onse ankakhulupirira za kuuka?

Ayi. Afarisi ankakhulupirira, ndipo anthu wamba ambiri anali nawo. Marita, mlongo wake Lazaro ali m'manda masiku anayi, anayankha mosazengereza kuti adzauka pa tsiku lomaliza. Asaduki, omwe ambiri anali a mabanja a akulu ansembe, ankakana. Timakonda kuwaona ngati osakhulupirira, koma iwo ankadziona ngati osunga zakale, popeza m'mabuku asanu a Mose mulibe chiphunzitsochi poyera. Ngakhale Ben Sira, mphunzitsi wopembedza wa ku Yerusalemu cha m'ma 180 BC, ankanenabe kuti wakufa sayamika Mulungu. Asaduki atabweretsa kwa Yesu mwambi wa mkazi wolowedwa chokolo ndi abale 7, iye sanawayankhe ndi Danieli. Anapita pa chitsamba choyaka moto, m'buku lomwe iwo ankalilemekeza, n'kunena kuti Mulungu wa Abrahamu, Isaki ndi Yakobo si Mulungu wa akufa. Paulo nayenso anagawanitsa bwalo lalikulu la Ayuda pongotchula nkhaniyi (Machitidwe 23).

M'nyengo imeneyi mabanja a ku Yerusalemu anayamba kusunga mafupa a munthu m'kabokosi kakekake kamwala, pakatha pafupifupi chaka, m'malo mowasakaniza m'dzenje. Ena amati n'chifukwa choyembekezera kuuka. Komatu mu 1990 kunapezeka kabokosi kokongola kolembedwa dzina la Yosefe mwana wa Kayafa, komwe ambiri amati n'ka mkulu wa ansembe uja, ndiye kuti okana kuuka nawonso ankatsata mwambowu.

Kodi zimenezi sizikusonyeza kuti Baibulo likudzitsutsa?

Mlaliki akuti akufa sadziwa kanthu, Danieli akuti adzadzuka. Mungathe kutola vesi limodzi n'kumenya nalo linzake, ndipo mipingo yathu yakhala ikuchita zimenezi pa nkhani yoti akufa ali mtulo kapena ali maso. Ine ndimaona anthu a mibadwo yambiri akulimbana ndi funso limodzi pamaso pa Mulungu mmodzi, osanama pa zomwe sanazione. Salimo 88 limatha ndi mdima, popanda liwu la chitonthozo, ndipo osonkhanitsa Malemba sanalichotse. Ndinakhalapo pafupi ndi bambo wina amene anaika mwana wake wachisamba. Alaliki atatu anali atamuuza kuti asalire, mwana ali pabwino. Usiku anandipempha kuti ndimuwerengere kanthu, ndipo ndinatsegula salimo limeneli. Nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati sankadziwa kuti mawu otere amaloledwa m'Baibulo.

Nanga Ayuda a masiku ano amati chiyani?

Kachisi atawonongedwa ndi Aroma mu 70 AD, Asaduki anazimirira ndipo chiphunzitso cha Afarisi chinapambana. Mishnah, buku la malamulo ndi ziphunzitso za arabi, aphunzitsi achiyuda, lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, limati wokana kuuka kwa akufa alibe gawo m'dziko likudzalo. Pemphero la Amidah, lonenedwa katatu patsiku, limatamanda Mulungu wopatsa akufa moyo ndi wosunga chikhulupiriro kwa ogona m'fumbi. Rabi wotchuka Maimonides anaika kuuka pakati pa mfundo 13 za chikhulupiriro. Koma arabi a ku America a gulu la Reform, la Ayuda ofuna kusintha miyambo yakale, pamsonkhano wawo wa ku Pittsburgh mu 1885, anakana kuuka kwa thupi n'kusunga kusafa kwa mzimu, ndipo Ayuda ambiri lero salankhula kwambiri za kutsidya.

Gehena wa arabi nthawi zambiri si wamuyaya. Rabi Akiva anati chiweruzo cha oipa kumeneko chimatha miyezi 12. Mwana wofedwa kholo amanena pemphero la Kaddish tsiku ndi tsiku m'sunagoge, pemphero lomwe silitchula imfa ngakhale kamodzi koma kukweza dzina la Mulungu. Amalinena miyezi 11 yokha, n'kulekeza kutatsala mwezi umodzi, kuti asaoneke ngati akuwerengera bambo kapena mayi ake m'gulu la oipa.